Chimbale Chopanda Mbale: Mmene Nyimbo Zinafikira pa Lamya ya M'manja

Woyimba wa masiku ano akatulutsa nyimbo zatsopano, anthu amati watulutsa chimbale. Mawu amenewa anazolowereka kotero kuti palibe amene amaima n'kufunsa kuti mbaleyo ili kuti. Mnyamata amene wakhala kumbuyo kwa minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Zomba, timahedifoni tili m'makutu, amamvera chimbale chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza, koma m'manja mwake mulibe mbale, mulibe kaseti, mulibe chilichonse chozungulira. Muli lamya yokha. Agogo ake angamuuze kuti kale nyimbo inali ndi thupi: inkalemera, inkasweka ikagwa pansi, inkapindika ikasiyidwa padzuwa, ndipo munthu ankaikulunga m'nsalu poyenda nayo ulendo. Dzina lakuti chimbale ndi chotsalira cha nthawi imeneyo, monga momwe dzina la mudzi limatsalira eni ake atasamuka kalekale.

Ulendo wa nyimbo kuchokera m'mbale kudzalowa m'lamya unatenga zaka zoposa 100, ndipo unadzera m'maiko ambiri, monga America, Netherlands, Japan, Germany ndi Sweden. Unali ulendo wa misamuko. Pa msamuko uliwonse chotengera nyimbo chinkachepa, mtengo unkatsika, ndipo womvera ankapindula. Koma aliyense amene anasamukapo amadziwa kuti pabwinja sipalephera kutsala katundu. Pa misamuko ya nyimboyi katundu amene wakhala akutsala ndi wa mitundu iwiri: nyimbo zimene panalibe wozinyamula, ndi malipiro a munthu amene anaziyimba.

Mawu agwidwa

Chisanafike chaka cha 1877, nyimbo inkatha pamene woyimba watsekera pakamwa. Wofuna kuimvanso anayenera kupempha mwini wake kuti abwereze, kapena kuiphunzira n'kumayimba yekha. Nyimbo za pamtondo, za chinamwali ndi za maliro zinkasungidwa m'mitu ya anthu, ndipo nkhalamba ikamwalira isanaphunzitse ana, nyimbo zake zinkaikidwa nayo m'manda. M'chaka chimenecho Thomas Edison wa ku America anapanga makina amene anatha kugwira mawu ndi kuwabwezanso. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Makina a Edison anali ndi kachitsulo kopyapyala konjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, kolumikizidwa ku singano, ndipo singanoyo inkadinda kunjenjemerako pa chipepala chachitsulo chokulungidwa pa mpukutu wozungulira. Singano ikadutsanso m'mapazi ake omwe aja, mawu ankatulukanso, ofooka ndi osasa, koma omveka.

Patapita zaka 10, mu 1887, Emile Berliner, Mjeremani wokhala ku America, analembetsa ku boma makina ena amene anawatcha gramophone, dzina limene pakamwa pa Achewa linasanduka galamafoni. M'malo mwa mpukutu, iye anagwiritsa ntchito chinthu chaphanthiphanthi chozungulira, ndipo ichi ndicho chinadzatchedwa mbale. Ubwino wake unali wakuti kuchokera pa chikombole chimodzi ankatha kudinda mbale zikwizikwi zofanana, monga aumbira njerwa. Mbale zimene zinafala kwambiri zinkapangidwa ndi utomoni wolimba wochokera ku tizilombo tina ta ku India, zinkazungulira ka 78 pa mphindi iliyonse, ndipo mbali imodzi inkanyamula nyimbo ya mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. Oyimba anakakamizika kufupikitsa nyimbo zawo kuti zikwane. Nyimbo ya gule amene kumudzi amamuchezera usiku wonse inayenera kudulidwa mutu ndi mchira kuti ilowe m'mbale, ndipo mpaka lero nyimbo zambiri za pa wayilesi zikadali za utali womwewo.

Ku Nyasaland galamafoni inabwera makamaka m'katundu wa amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku ntchito za ku Salisbury ndi Bulawayo, pamodzi ndi njinga, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo. Sinkafuna magetsi kapena mabatire. Ankaipukusa ndi dzanja, ndipo singano zake zachitsulo zinkabuntha msanga, kotero kuti mwini wake ankazisunga m'kabokosi ngati ndalama. Galamafoni ikalira pakhonde, mudzi wonse unkasonkhana, pakuti panalibe njira yomvera mobisa. Mbale inali ya munthu mmodzi, koma nyimbo inali ya aliyense amene khutu lake linali pafupi.

M'nthawi yomweyo katundu woyamba anayamba kutsala pabwinja. Mu 1939, ku Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo yotchedwa Mbube ku kampani ya Gallo. Mbaleyo inagulidwa kwambiri kumwera kwa Africa, kenaka nyimboyo inawoloka nyanja, inapatsidwa mawu ena ku America, ndipo inalemeretsa anthu amene Linda sanawaonepo. Iye mwini analandira ndalama zochepa, ndipo anamwalira ali mmphawi mu 1962. Ana ake anadzapeza chilungamo pambuyo pa mlandu umene unatha ndi mgwirizano mu 2006. Makina ogwira mawu anali atalekanitsa nyimbo ndi mwini wake. Nyimbo inatha tsopano kufika kumene woyimba sanapondeko, ndipo ndalama zake nazo zinatha kuthera m'matumba amene iye sanawadziwe.

Wayilesi ndi matepi

Mu 1949 ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, kunayamba kugulitsidwa wayilesi yotsika mtengo imene inatchedwa Saucepan Special chifukwa thupi lake linali longa sefuliya. Inkagulidwa mapaundi 5, batire padera, ndipo inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkatumikira maiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja. Oyimba monga Alick Nkhata anatchuka m'midzi imene sanafikemo. Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, nyumba youlutsira mawu ya MBC inakhala kwa zaka zambiri malo akuluakulu ojambulira nyimbo m'dzikoli. Oyimba bangwe, banjo ndi gitala, makwaya ndi magulu a magule ankajambulidwa pa matepi akuluakulu ozengedwa pa mikombero, ena mu situdiyo ku Blantyre, ena kumidzi kwawo. Nyimbo zambiri zoterezi sizinadindidwe pa mbale n'komwe. Tepi imodzi ya m'nkhokwe ya wayilesi ndiyo inali moyo wawo wonse.

Panalinso alendo amene anagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Hugh Tracey, amene mu 1954 anakhazikitsa ku South Africa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, anayenda m'Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, atanyamula makina ake pa galimoto, akujambula nyimbo za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atumbuka, Atonga ndi mitundu ina. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ku Blantyre ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anyamata oyimba nyimbo za kwela, ndipo anawajambula mawu ndi zithunzi zomwe. Abale awiriwa anamwalira, Daniel mu 1987 ndipo Donald mu 2001, koma gitala ndi chitoliro chawo zikumvekabe, chifukwa panali anthu amene anasunga matepiwo ndi kuwasamutsa nthawi yosamuka itakwana.

Nyimbo zilowa m'thumba

Mbale za pulasitiki zopepuka zinabwera mu 1948 ndi 1949, zina zazikulu zonyamula nyimbo za mphindi zoposa 20 mbali imodzi, zina zazing'ono za nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndipo ndizo zinkalira pa gumbagumba m'maukwati ndi m'malo achisangalalo. Komabe mbale, kaya ipepuke chotani, siyimba bwino munthu akuyenda nayo, pakuti singano imadumpha. Chimene chinamasula nyimbo ndi kaseti, imene kampani ya Philips ya ku Netherlands inaonetsa koyamba ku Berlin mu 1963. Mtsogoleri wa amisiri amene anaipanga, Lou Ottens, anasemetsa kachipika kokwana m'thumba la jekete lake, nauza anzake kuti makina oimbira kasetiyo asapose kachipikako. Kampaniyo inalola makampani ena kupanga makaseti popanda kuilipira, ndipo motero kaseti inafalikira pa dziko lonse lapansi.

Pa 1 July 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa Walkman, koimbira kaseti kudzera m'mahedifoni basi. Aka kanali koyamba kuti khamu la anthu liziyenda m'misewu aliyense akumva nyimbo yakeyake imene mnzake woyandikana naye sakuimva. Eni kampani nawonso anali ndi nkhawa kuti kumvera wekha kudzaoneka ngati mwano, choncho Walkman yoyamba inali ndi mabowo awiri a mahedifoni kuti anthu awiri azimvera limodzi. Ogula sanasamale za bowo lachiwirilo, ndipo posakhalitsa linachotsedwa. Mnyamata wa m'minibasi uja ndi mdzukulu wa chizolowezi chimene chinabadwa pamenepo.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kaseti inapatsa oyimba a ku Malawi njira yofikira anthu popanda kudikira wayilesi. Ku Balaka, Paul Banda, amene anayambitsa gulu la Alleluya Band mu 1978, anatsegula situdiyo imene inajambula oyimba ambiri, kuphatikizapo mng'ono wake Lucius Banda, pamene sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inkachulukitsa makaseti ndi kuwagulitsa kwa amalonda ochokera m'maboma osiyanasiyana. Omvera a nthawi imeneyo amakumbukira kuzunguza kaseti ndi cholembera pofuna kusunga mabatire, ndi kumata tepi yoduka ndi selotepi. Koma wayilesi ya makaseti awiri inatha kukopera nyimbo, ndipo wakuba ntchito ya woyimba sanafunikenso fakitale. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza aluso mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992. Kupatula lamulo, chinthu chimodzi chinkatetezabe woyimba: kaseti yokopera inkamveka moipirapo poyerekeza ndi yeniyeni, ndipo yokopera ku yokopera inkadzaza phokoso, kotero kuti wofuna kumva bwino ankagula yeniyeni. Chitetezo chimenechi chinali pafupi kutha.

Nyimbo zisanduka manambala

Mbale ndi kaseti zinkasunga chithunzi cha mawu: mbale m'kanjira kokhotakhota kodutsamo singano, kaseti m'mphamvu ya maginito ya pa tepi. Chithunzi chimafwifwa chikamakoperedwa. Njira ya dijito ndi yosiyana. Munthu woyeza madzi a mtsinje angathe kuviika ndodo m'mawa uliwonse n'kulemba nambala m'buku, ndipo wina wowerenga bukulo angathe kudziwa mmene mtsinje unkadzalira ndi kuphwera chaka chonse ngakhale sanauone. Makina a dijito amayeza mawu chimodzimodzi, koma mofulumira zedi, n'kulemba muyezo uliwonse ngati nambala yopangidwa ndi 0 ndi 1. Mngerezi wina, Alec Reeves, anaganiza njira imeneyi cha m'ma 1937 pofuna kukonza mawu a pa lamya, koma makina a nthawi yake anali asanakhwime. Chinsinsi chake ndi chakuti nambala sifwifwa. Nambala 7 ikakoperedwa kachikwi imakhalabe 7.

Mu 1982 makampani a Sony ndi Philips anatulutsa kambale konyezimira kotchedwa CD, kotambalala masentimita 12, kowerengedwa ndi kuwala m'malo mwa singano, konyamula nyimbo za mphindi 74. Pa CD mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Makampani ogulitsa nyimbo anapindula kwambiri, pakuti anthu anagulanso pa CD nyimbo zomwe anali nazo kale pa mbale. Sanazindikire kuti ayika m'manja mwa wogula aliyense chikombole chenicheni cha nyimbo. Chimene chinkaletsa manambalawo kuyenda chinali kuchuluka kwake kokha: mphindi imodzi ya nyimbo ya pa CD inkafuna malo okwana pafupifupi mamegabaiti 10, katundu wolemera kwambiri kwa makompyuta ndi mawaya a lamya a masiku amenewo.

Amene anapeputsa katunduyu anali akatswiri a ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, ndipo wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Karlheinz Brandenburg. Iwo anaphunzira khutu la munthu. Aliyense amene anayesapo kunong'ona pafupi ndi chigayo chikulira amadziwa kuti mawu aakulu amameza aang'ono. Ng'oma yaikulu ikagunda, kulira kwa chisekese kwa nthawi yomweyo sikumveka konse. Akatswiriwa anapanga njira yotaya mbali za mawu zimene khutu silikanazimva, n'kusunga zotsalazo. Poyesa ntchito yawo, Brandenburg anamvera kambirimbiri nyimbo ya Suzanne Vega yotchedwa Tom's Diner, chifukwa liwu la munthu loyimba popanda zing'wenyeng'wenye ndilo linkavuta kwambiri kulichepetsa popanda kuliwononga. Njirayi inasindikizidwa ngati muyezo wa maiko onse mu 1993, ndipo pa 14 July 1995 inapatsidwa dzina lakuti MP3. Mphindi imodzi ya nyimbo inatsika kuchoka pa mamegabaiti 10 kufika pafupifupi pa imodzi yokha.

Nyimbo itapepuka chotero, inauluka. Mu 1999 mnyamata wa ku America, Shawn Fanning, anatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Napster, imene inalola anthu osadziwana kupatsana nyimbo kwaulere kudzera pa intaneti. Anthu mamiliyoni ambiri analowamo khoti lisanachititse kuti itsekedwe mu 2001, koma chizolowezi chinali chitamera kale mizu. Pakati pa 1999 ndi 2014 ndalama zimene makampani a nyimbo ankapeza pa dziko lonse zinatsika ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse. Mu October 2001 kampani ya Apple inatulutsa iPod, kachipangizo ka m'thumba konyamula nyimbo 1,000, ndipo mu 2003 inatsegula sitolo ya pa intaneti yogulitsa nyimbo imodziimodzi pa mtengo wa masenti 99 a ku America. Mbale inali itasowa, koma munthu ankanyamulabe zipangizo ziwiri, lamya m'thumba lina, choimbira nyimbo m'thumba linzake.

Lamya imeza zonse

Lamya zoyamba zoimba nyimbo za MP3 zinatuluka cha m'ma 2000 kuchokera ku makampani monga Samsung ndi Siemens, koma zinkanyamula nyimbo zowerengeka chabe. Mu 2005 kunabwera kamemori khadi kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo m'chaka chomwecho dzina lakale la Walkman linalembedwa pa lamya ya Sony Ericsson. Mu January 2007 Steve Jobs wa kampani ya Apple anaonetsa iPhone, nafotokoza kuti ndi zipangizo zitatu m'thupi limodzi: choimbira nyimbo, lamya, ndi cholowera pa intaneti. Lamya yoyamba ya Android inatsatira mu 2008, ndipo ndi mtundu umenewu umene unadzatsika mtengo mpaka kufika m'misika ya mu Africa. Lamya inameza wayilesi, kamera, tochi ndi wotchi, ndipo potsiriza inameza iPod yomwe, imene Apple inasiya kupanga mu 2022.

Ku Malawi kampani ya Telekom Networks Malawi inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ya Celtel, imene inadzatchedwa Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, inayamba ntchito mu 1999. Koma nyimbo sizinafike m'lamya za anthu ambiri kudzera m'masitolo a pa intaneti, pakuti bandulo inali yokwera mtengo ndipo ambiri analibe njira yolipirira kunja. Zinafika kudzera kwa anyamata a makompyuta a m'misika ndi m'malo ochitira malonda, amene pa ndalama zochepa ankadzaza memori khadi ndi nyimbo mazanamazana, za uzimu, za chamba cha Balaka, za ku Zambia, za ku Congo, zonse pamodzi. Kuchokera pamenepo nyimbo zinkadumpha kuchoka m'lamya kupita m'lamya kudzera pa Bluetooth, ndipo pambuyo pake pa WhatsApp. Msika wa makaseti ndi ma CD unagwa, ndipo oyimba ambiri anayamba kudalira zoimbaimba za pabwalo ndi za m'maholo. Lamulo latsopano la 2016 linayesa kubweza kena kake pokhazikitsa msonkho wapadera pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko, umene ndalama zake bungwe la COSOMA limagawira aluso.

Msamuko womaliza kufikira lero unayambira ku Sweden. Daniel Ek ndi Martin Lorentzon anakhazikitsa kampani ya Spotify ku Stockholm mu 2006, ndipo inayamba kutumikira anthu mu 2008. Maganizo awo anali akuti munthu asamavutike kusunga nyimbo, koma azingoimvera pamene waifuna kuchokera ku makompyuta akuluakulu a kampani, njira imene pa Chingerezi amaitcha streaming. Kutsitsa nyimbo n'kuisunga m'lamya kuli ngati kutunga madzi mumtsuko. Njira yatsopanoyi ili ngati kumwera pampopi. YouTube, imene inayamba mu 2005, inakhala mpopi winanso waukulu, ndipo Boomplay, imene inayambira ku Nigeria mu 2015, inkabwera itaikidwa kale m'lamya za Tecno. Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ndipo ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021. Pofika 2023, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse za nyimbo zojambulidwa pa dziko lapansi ankachokera m'njira imeneyi.

Kagawidwe ka ndalamazo n'kofunika kukamvetsa. Kampani monga Spotify imasonkhanitsa zimene olembetsa amalipira pa mwezi ndi zimene otsatsa malonda amapereka, imasunga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo zotsalazo imagawa molingana ndi kuchuluka kwa nthawi zimene nyimbo iliyonse yamvedwa. Nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikaimbidwa masekondi 30. Ndalamazo zimapita koyamba kwa amene analembetsa nyimboyo kuti ndi yake, kaya ndi kampani, kaya ndi mkhalapakati, ndipo woyimba amalandira zimene pangano lake likunena. Popeza mtengo wolembetsera ndi wotsika m'maiko osauka, nyimbo yomvedwa ku Lilongwe imabweretsa zochepa kuposa yomvedwa ku London. Ndipo nyimbo yoyenda pa WhatsApp kapena pa memori khadi siwerengedwa ndi aliyense, ngakhale itamveka m'nyumba iliyonse kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Nkhani ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, ikuonetsa mbali zonse ziwiri za msamukowu. Iye anayimba kwa zaka zambirimbiri, mawu ake akumveka pa wayilesi ndi pa makaseti. Mu 2020 woyimba wachinyamata, Patience Namadingo, anajambula naye nyimbo zake zakale m'kayimbidwe katsopano, ndipo chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka nyimbo ya Linny Hoo kanafalikira pa TikTok, pomwe kanamvedwa nthawi mamiliyoni ambiri, mpaka m'maiko a ku Asia. Atolankhani amene anapita kumudzi kwawo kumayambiriro kwa 2022 anapeza kuti mkuluyo analibe lamya yamakono yoti n'kuonerapo kutchuka kwakeko. Lamya inapititsa liwu la nkhalamba ya zaka zoposa 90 kumene galamafoni, wayilesi ndi kaseti sizinalifikitse. Koma inateronso chifukwa chakuti panapezeka munthu wina amene ananyamula nyimbo zakalezo n'kuziwolotsa. Oyimba anzake a m'badwo womwewo amene sanapeze wowanyamula sapezeka pa lamya iliyonse.

Apa ndi pamene pali katundu wachiwiri wotsala pabwinja. Munthu woona nyimbo mamiliyoni ambiri pa lamya yake amaganiza kuti nyimbo zonse za pa dziko lapansi zili momwemo. Zilimo zokhazo zimene wina anazisandutsa manambala. Matepi akale amachita nkhungu, amamatirirana ndipo amayoyoka, pamene makina owaimbira akusowa chaka ndi chaka. Nkhokwe ya Hugh Tracey, imene inasamukira ku Rhodes University mu 1978, inasandutsa nyimbo zake kukhala za dijito, ndipo zina yazibwezera kumadera kumene zinajambulidwa. Matepi ena a MBC nawo anapulumutsidwa m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo lochokera ku Norway. Komabe makaseti ambiri a makwaya a m'mipingo, a magulu a kumidzi ndi a oyimba amene anatulutsa chimbale chimodzi chokha akadali m'masutikesi ndi pansi pa mabedi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Ngakhale nyimbo zimene zafika pa lamya sizili pamalo okhazikika monga zimaonekera. Womwera pampopi alibe madzi akeake. Bandulo ikatha, kapena mwini nyimbo akasemphana ndi kampani n'kuichotsa, womvera amatsala chimanjamanja. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Memori khadi nayo imafa mwadzidzidzi popanda chenjezo, pamene mbale za 78 zimene zinadindidwa zaka 90 zapitazo zikuimbabe zikapeza singano.

Womvera wa lero wapeza zimene mwini galamafoni wa pakhonde uja sakanaziganizira n'komwe. Mphunzitsi wa ku Mchinji, namwino wa ku Malawi wogwira ntchito ku Manchester, ndi mnyamata wosoka zovala ku Johannesburg angathe kumva nyimbo imodzimodzi ya Chichewa tsiku lomwe yatuluka. Koma mbiri ya zaka zonsezi, kuchokera pa singano ya Edison, ikusonyeza kuti palibe chotengera nyimbo chimene chinakhala mpaka muyaya, ndipo lamya nayo idzakhala ndi tsiku lake. Tsikulo likadzafika, nyimbo zimene zidzawoloke ndi zomwe anthu adzakhale atazilemba mayina a eni ake, kuzisunga m'malo angapo ndi kuzinyamula mwadala. M'nyumba zambiri muli kaseti imene muli liwu la mayi kapena bambo amene anapita kale, akutsogolera kwaya Lamulungu lina zaka 30 zapitazo. Kaseti yotereyi ikhoza kuimbabe lero, ndipo kuisamutsira m'lamya ndi ntchito ya ola limodzi kwa munthu amene ali ndi wayilesi ya kaseti, kachingwe ndi kompyuta.